Mmene mungayezere buku la mbiri ya gulu la rock pamene mlembi wake ali ndi mbali

Mabuku ambiri a mbiri ya magulu oyimba nyimbo za rock amalembedwa ndi anthu amene mtima wawo unagwa kale kwinakwake. Wina amakonda woyimba wamkulu, wina amadana ndi mkazi wa woliza gitala, wina amangofuna kusonyeza kuti gulu lonse linali la zidakwa. Ine sindiona vuto pa zimenezi. Buku la munthu wosakonda kanthu limagonetsa tulo, ndipo kawirikawiri mlembi wolusa ndiye amene anamvetsera nyimbozo ndi mtima wonse. Chofunika n'kudziwa ngati maganizo akewo ali ndi poimira, komanso ngati wakusiyirani mpata woti mumutsutse. Zitsanzo zambiri nditenga kwa The Beatles, gulu la anyamata anayi a ku Liverpool ku England (John Lennon, Paul McCartney, George Harrison ndi Ringo Starr), chifukwa alembi akhala akuwalimbirana kwa zaka zoposa 50, ndiponso chifukwa matepi a ku situdiyo, mafilimu ndi zikalata za kukhoti zilipo zoti n'kuyezera.

Choyamba: onani chaka chimene bukulo linatuluka

Tsegulani tsamba lija limene aliyense amalidumpha, pamene pali dzina la kampani yosindikiza, mupeze chaka. Kenako dzifunseni kuti pa nthawiyo ndani anali atangomwalira, ndani anali pa mlandu ndi mnzake, ndani anali ndi chimbale choti agulitse.

John Lennon anawomberedwa ku New York pa 8 Disembala 1980. Buku la Philip Norman lotchedwa *Shout!* linatuluka mu 1981, anthu akadalira. Linalembedwa mokoma kwambiri, koma m'menemo Lennon ndiye mwini luso, pamene Paul McCartney ndi munthu wochenjera, wongofuna kukondedwa ndi aliyense. Norman anafika ponena kuti Lennon yekha anali magawo atatu mwa anayi a gululo. Malemu sanenedwa zoipa, ndiye zolakwa zonse amasenza wotsala. Patapita zaka 35, mu 2016, Norman yemweyo analemba buku la moyo wa McCartney, ndipo anavomera kuti poyamba paja sanamuchitire chilungamo. Choncho ngati buku lanu ndi losindikizidwa kachiwiri kapena kachitatu, yambani ndi mawu oyamba atsopanowo. Alembi amakonda kubweza mawu awo pamenepo, mwakachetechete.

Chachiwiri: fufuzani amene anamutsegulira khomo

Pitani kumene mlembi akuthokoza anthu, kaya ndi kumayambiriro kaya ndi kumapeto, muwerenge mayina onse. Pali mitundu iwiri ya mabuku imene muyenera kuichenjerera, ndipo uliwonse uli ndi nthenda yake.

Mtundu woyamba ndi buku lololedwa ndi eni ake. Mu 1968 Hunter Davies anatulutsa buku lokhalo la mbiri ya The Beatles limene gululo linavomereza likadali limodzi. Iye analowa m'nyumba zawo, anacheza ndi makolo awo, anakhala pompo Lennon ndi McCartney akupeka nyimbo. Zimene anaonazo palibe mlembi wina angazionenso, ndipo n'zamtengo wapatali. Koma mtengo wake unali wakuti oyimbawo ndi abale awo anali ndi ufulu wowerenga ndi kuchotsa zosawakomera. Azakhali a Lennon, a Mimi amene anamulera, anapempha kuti zina za ubwana wake zisinthidwe. Patangopita zaka ziwiri Lennon analinyoza bukulo kuti linabisa zambiri. Buku lotere mulikhulupirire pa zimene mlembi anaona ndi maso ake, koma mulikayikire pa zimene silinena.

Mtundu wachiwiri ndi buku lolembedwa khomo lili chitsekere. Mlembi wotere amatola nkhani kwa amene atsala kunja: dalaivala wochotsedwa ntchito, chibwenzi chakale, mnzawo wa ku sukulu amene anaiwalika. Anthu amenewa amadziwa zinthu zenizeni, koma ambiri amakhala ndi mangawa. Buku la Stephen Davis la mu 1985 lonena za Led Zeppelin, gulu lina la rock la ku England, linadalira kwambiri Richard Cole, amene ankayendetsa maulendo a gululo mpaka pamene anachotsedwa mu 1980. Nkhani zambiri zonyansa za m'mahotela zimene anthu amanena za gulu limeneli zinafala kudzera m'bukumo, ndipo oyimba atatu a gululo amene anali moyo analikana. Kukana kwawo si umboni wakuti zonse n'zabodza, poti munthu aliyense amakana zochititsa manyazi. Koma muwerenge mukudziwa kuti wokamba nkhaniyo ndani ndiponso anachoka bwanji.

Chachitatu: tengani pensulo, musankhe mutu umodzi

Musayese kuyeza buku lonse nthawi imodzi. Sankhani mutu umodzi wa mkangano, monga pamene wina akuchotsedwa m'gulu kapena pamene akukangana za ndalama, ndipo muuwerenge pang'onopang'ono mukuika zizindikiro zitatu m'mphepete. Chizindikiro choyamba ndi cha zinthu zotheka kutsimikizira: tsiku, malo, ndalama, amene analiza chida chakutichakuti. Chachiwiri ndi cha zimene munthu wina ananena. Chachitatu ndi cha maganizo a mlembi.

Mukatero mudzaona msanga ngati mlembiyo amasiyanitsa zitatuzi kapena amazikandira pamodzi. Mlembi wabwino, ngakhale wolusa chotani, amakuuzani kuti apa n'zimene zinachitika, apa n'zimene uje ananena patapita zaka zambiri, apa ndi mmene ndikuonera ine. Mlembi wachinyengo amalowetsa maganizo ake m'chiganizo chofotokoza zochitika. Amalemba kuti woliza besi anamwetulira mwachiphamaso, pamene chimene chikudziwika n'chakuti anamwetulira. Amakuuzani zimene munthu ankaganiza ali yekha m'chipinda cha hotela. Amaika m'kamwa mwa anthu mawu athunthu a zokambirana zimene palibe anazijambula. Pena paliponse pamene mwapeza zotere, funsani kuti wadziwa bwanji. Yankho likapanda kupezeka m'tsambamo kapena m'zolemba zakumapeto, chiganizocho chiikeni m'gulu lachitatu.

Pa chizindikiro chachiwiri chija m'pofunika kukhalitsapo. Pabwalo la mfumu sagamula mlandu atangomva munthu mmodzi, ndipo amayang'ananso ngati mboniyo ikulankhula itakwiya. Chitani chimodzimodzi. Mu Disembala 1970 Lennon anacheza nthawi yaitali ndi Jann Wenner wa magazini ya *Rolling Stone*, ndipo zokambiranazo zinasindikizidwa kumayambiriro kwa 1971. Gulu linali litangotha, mkangano wa ndalama uli pachimake, ndipo Lennon analalatira pafupifupi aliyense, kuphatikizapo George Martin amene anawajambulira nyimbo zawo kuyambira 1962. Alembi ambiri anatenga mawu a tsiku limenelo ngati chigamulo chomaliza, chikhalirecho mu 1980 Lennon analankhula mofatsa kwambiri za anzake omwewo. Ngati buku lanu likungotenga mawu a 1970 osatchula a 1980, mlembiyo wasankha mkwiyo chifukwa ukumuthandiza.

Winanso ali ndi mbali yake. Buku la Barry Miles la mu 1997 ndi mawu a McCartney, amene ankafuna kuwongola mbiri Lennon atamwalira kale, wosathanso kuyankha. Pa nyimbo zambiri awiriwa anagwirizana za amene anapeka chiyani, koma pa "In My Life" ndi "Eleanor Rigby" anasemphana. Onani mmene mlembi wanu wachitira ndi nyimbo ziwirizi. Ngati wangopereka nyimboyo kwa amene amamukonda osakuuzani n'komwe kuti panali kusiyana, mwamugwira.

Chachinayi: yesani mawu ake ndi makutu anu

Apa m'pamene buku la nyimbo limasiyana ndi mbiri ya wandale kapena msilikali. Umboni waukulu uli m'manja mwanu. Nyimbo zonse zili pa YouTube ndi pa Spotify, ndipo simufunika chilolezo cha munthu kuti muzimve. Lembani mawu atatu kapena anayi akuluakulu amene mlembi wanena okhudza nyimbozo, muike zomvera m'makutu, muone ngati akuima.

Titenge chiweruzo chotchuka chija, chakuti Lennon anali waukali ndi woyesa zatsopano pamene McCartney anali wa nyimbo zofewa. Imvani "Helter Skelter" ya mu 1968, phokoso la magitala ndi kukuwa kokhakokha. Ndi ya McCartney. Pa chimbale chomwecho pali "Julia", imene Lennon akuyimbira mayi ake omwalira ndi gitala limodzi lokha, komanso "Good Night", nyimbo yogonekera mwana imene anapeka Lennon n'kuyimba Ringo Starr. Bwererani ku 1966 mumve "Tomorrow Never Knows". Nyimboyo ndi ya Lennon, koma timaphokoso tachilendo tozungulira tija, tina tomveka ngati mbalame za kunyanja, tinachokera ku tizidutswa ta tepi timene McCartney anatsogolera kupanga kunyumba kwake. Pa chimbale chomwecho gitala lolusa la mu "Taxman", nyimbo ya George Harrison, analiza ndi McCartney. Izi sizitanthauza kuti chiweruzo chija n'chabodza chonse, chifukwa McCartney anapekadi nyimbo zina zotsekemera mopitirira. Koma mlembi amene akufuna kuti mumukhulupirire ayenera kuyang'anizana ndi nyimbo zomutsutsazi n'kufotokoza chifukwa chake sakusintha maganizo. Akazidutsa ngati kulibe, ndiye kuti akudalira kuti simudzamvetsera.

Yang'ananinso ngati mlembiyo amatha kunena za nyimbo yeniyeni. Ena amadzaza masamba mazanamazana ndi mowa, chamba ndi akazi, koma akafika pa chimbale amangoti chinali chodabwitsa, basi. Munthu wonena kuti nyimbo ndi yoipa azikuuzani pamene yaipira: kaya mawu ake ndi ozizira, kaya ng'oma ikukoka, kaya kolasi yabwerezedwa mpaka kutopetsa. Akatero mungathe kupita pa mphindi imeneyo n'kudzimvera nokha. Ian MacDonald, m'buku lake la mu 1994, anatenga nyimbo za The Beatles imodziimodzi n'kuziweruza mosanyengerera. Ananyoza nyimbo zina zimene ine ndimazikonda, kuphatikizapo "Helter Skelter" yomweyi, ndipo mpaka lero sindivomerezana naye. Komabe ndimaliwerengera bukulo pakati pa abwino koposa, chifukwa chiweruzo chake chilichonse chimaloza chinthu chomveka, ndipo ukamatsutsana naye umakhala ukumva nyimboyo bwino kuposa kale. Buku la maganizo limayenera kuchita zimenezi.

Chenjezo limodzi pano: musamuweruze mlembi potengera kuti akukonda zimene inu mumakonda. Ngati mwakwiya chifukwa wanyoza nyimbo imene munavina pa ukwati wanu, tsekani bukulo, mudzabwerere mawa.

Chachisanu: tsimikizirani masiku angapo

Simukufunika kufufuza chilichonse. Sankhani masiku atatu kapena anayi pa nkhani imene mlembi waikapo mtima, muwafananitse ndi zolemba zodalirika. Pa The Beatles ntchitoyi ndi yosavuta chifukwa Mark Lewisohn analoledwa kumvetsera matepi a ku situdiyo ya Abbey Road, ndipo mu 1988 anatulutsa buku losonyeza tsiku ndi tsiku zimene zinajambulidwa.

Kutha kwa gululo ndi poyesera pabwino. Nkhani yofala imati McCartney ndiye analiphwasula, chifukwa pa 10 Epulo 1970 nyuzipepala zinalengeza kuti wachoka, ndipo pa 31 Disembala chaka chomwecho anakasumira anzake atatu kukhoti ku London. Nkhani ina yofala imati analiphwasula ndi Yoko Ono, mkazi wa Lennon. Tsopano ikani masiku m'ndondomeko. Brian Epstein, manijala wawo, anamwalira mu Ogasiti 1967. Ringo anachoka kwa kanthawi mu Ogasiti 1968. Harrison anachoka pa 10 Januwale 1969 n'kubwerera patapita masiku ochepa. Mu Seputembala 1969 Lennon anauza anzake kuti akuchoka, koma anagwirizana zoti asalengeze chifukwa cha mgwirizano watsopano ndi kampani yogulitsa zimbale zawo. Ndiye kuti McCartney anali womaliza mwa anayiwo kutuluka pakhomo. Pakati pa zonsezi panali mkangano wa yemwe aziyendetsa chuma chawo. Atatu anasankha Allen Klein, pamene McCartney ankafuna apongozi ake, a Lee Eastman, ndipo anzakewo anali ndi chifukwa chomveka chokanira zimenezo. Pofika 1973 atatu aja nawonso anasiyana ndi Klein, ndipo milandu inatsatira.

Mlembi ali ndi ufulu woloza chala amene akufuna. Koma masiku amenewa ayenera kupezeka m'buku mwake, m'ndondomeko yoyenera. Ndipo ngati akunena kuti pofika 1969 Lennon ndi McCartney sankathanso kupenyana, mufunseni za pa 14 Epulo 1969, tsiku limene awiriwa okha analowa mu situdiyo n'kujambula "The Ballad of John and Yoko", Lennon pa magitala, McCartney pa ng'oma, besi ndi piyano.

Chenjeraninso ndi nkhani zokoma kwambiri, zimene buku lililonse limakopera kwa linzake. Epstein ankanena kuti anamva koyamba za gululo mu Okutobala 1961, mnyamata wina atabwera mu sitolo yake kudzafunsa mbale ya nyimbo yawo. Koma sitolo yomweyo inkagulitsa nyuzipepala ya *Mersey Beat*, imene inali itaika kale gululo pa tsamba loyamba, ndipo Epstein mwiniwake ankalembamo. Palinso nthabwala yoti Ringo sanali katswiri wa ng'oma ngakhale pakati pa anayi omwewo, imene anthu amati ananena ndi Lennon. Inachokera kwa anthabwala a ku Britain m'zaka za m'ma 1980, Lennon atamwalira kale. Mukaipeza m'buku italembedwa ngati mawu a Lennon, dziwani kuti mlembiyo amatola zapamsewu osazifufuza, ndipo muchepetse chikhulupiriro chanu pa masamba ena onse.

Chachisanu ndi chimodzi: onani mmene amachitira ndi wokondedwa wake, komanso ndi anthu a m'mphepete

Pezani chinthu choipa kwambiri chodziwika cha munthu amene mlembi amamutamanda, muone ngati chili m'bukumo. Mu 1980 Lennon anavomera yekha poyera kuti ali mnyamata ankamenya akazi. Buku lomukonda likabisa zimenezi, kapena likazikuta ndi mawu oti anali munthu wovutika mumtima, ndiye kuti likumuteteza kuposa mmene iye anadzitetezera. Kumbali inayi kuli buku la Albert Goldman la mu 1988, limene linatola zoipa zokhazokha mpaka owerenga n'kumadabwa kuti munthu wotere anapeka bwanji nyimbo zija. Mlembi akalephera kufotokoza kumene nyimbo zabwino zinachokera, chithunzi chake cha munthuyo n'choperewera, ngakhale zonyansa zonse atalemba zitakhala zoona.

Kenako werengani masamba amene apatsidwa woliza ng'oma, wojambula nyimbo, akatswiri a makina a mu situdiyo ndi akazi a oyimbawo. Zimandipweteka kuona mmene Yoko Ono analembedwera kwa zaka zambiri, ngati mlendo wodzasokoneza, pamene anali kale ndi dzina lake pa zaluso asanakumane ndi Lennon mu 1966. Zina mwa zimene ankamunena zinali tsankho lenileni, la mtundu wake ndiponso lakuti ndi mkazi. Mlembi angathe kudana ndi mayimbidwe ake, ndi ufulu wake. Koma akamamufotokoza ndi mawu amene sangawagwiritse ntchito pa mwamuna, musamukhululukire chifukwa choti amalemba mokoma.

Funsaninso kuti ndani sakanatha kulankhula. Vutoli ndi lalikulu pa mbiri ya rock ya ku Zambia ya m'zaka za m'ma 1970, ya magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Ambiri mwa oyimba aja anamwalira anthu akunja asanayambe kufunsa za nyimbo zawo, moti zimene tikumva lero zikuchokera kwa ochepa otsala, monga Jagari Chanda ndi Rikki Ililonga. Iwo akuchita ntchito yaikulu potisungira mbiriyo, koma wolemba aliyense ayenera kuuza owerenga kuti mawu a omwalirawo palibe.

Chachisanu ndi chiwiri: filimu musaiyese woweruza

Anthu ena amaganiza kuti zojambulidwa pa kamera zimathetsa mkangano. Mu Januwale 1969 The Beatles anajambulidwa kwa milungu ingapo akukonza nyimbo. Filimu imene inatuluka mu 1970, gulu litangotha, anthu anaiona ngati ya anthu otopana. Mu 2021 Peter Jackson anatenga zojambula zomwezo, za maola pafupifupi 60, n'kupanga filimu ya maola pafupifupi 8 mmene anyamatawo akuoneka akuseka, akuselewulana ndi kupeka nyimbo limodzi. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zonse ziwiri n'zosankhidwa. Ya 2021 inapangidwa ndi chilolezo cha McCartney, Ringo ndi akazi amasiye a awiri enawo. Igwiritseni ntchito poyesa buku lanu, koma muziifunsa mafunso omwe aja.

Chomaliza: yesani kumutsutsa ndi buku lake lomwe

Mukafika kumapeto, lembani m'chiganizo chimodzi mfundo yaikulu ya mlembi, monga yakuti gululo linali la munthu mmodzi, kapena kuti linaphedwa ndi ndalama. Ndiyeno yesani kumanga mfundo yotsutsana nayo pogwiritsa ntchito zimene zili m'bukumo zokha. Ngati mwapeza zokwanira, ndiye kuti mlembiyo sanakubisireni umboni womuvuta, ndipo bukulo lisungeni ngakhale musakugwirizana nalo. Ngati tsamba lililonse likungoloza mbali imodzi, ndipo zomutsutsa mwachita kukazipeza kwina, liwerengeni ngati mawu a woimira mbali imodzi pa mlandu, ndipo mupeze la mbali inayo muliike pambali pake. Wowerenga Norman wa 1981 awerengenso Miles wa 1997, buku la masiku la Lewisohn lili chitsegulire pa tebulo, ndipo pamene awiriwo asemphana pa nyimbo, aimitse kuwerenga aimve nyimboyo kawiri, koyamba akumvetsera mawu, kachiwiri akumvetsera besi ndi ng'oma.